Malangizo: Bwato Pamtsinje Wodzaza

Lero tikulankhula nanu anyamata amene mwaona pa foni anthu akutsetsereka m'mathithi ndi timabwato ta kayak, mtima nkumati tikayese pa mtsinje wa Likwenu mvula ikagwa.

Achimwene, dikirani kaye. Amene mumawaonawo, monga a pa Zambezi kumunsi kwa Victoria Falls, amavala jekete yoyandamitsa ndi chipewa cholimba, ndipo anaphunzira kudzitembenuza bwato likagudubuzika. Sapalasa okha. Mnzawo amaima pagombe ndi chingwe m'manja.

Likwenu amatsika kuchokera kumapiri a Malosa. Kuno ku Liwonde dzuwa likhoza kumawala, kumtunda mvula ikukhuthuka, madzi nkufika mwadzidzidzi, ofiira, atanyamula zitsa, nsungwi ndi zinyalala. Choopsa kwambiri ndi mtengo wogwera mumtsinje. Madzi amadutsa m'nthambi zake, koma munthu amakanirira pomwepo, mafunde akumukanikizira pansi. Pa kalavati ndi pansi pa mlatho ndi chimodzimodzi. Mukagwera m'madzi othamanga musayese kuimirira, phazi lingakodwe m'miyala. Gonani chagada, miyendo kutsogolo, muzilowera kugombe pang'onopang'ono.

Pa Shire napo, musayandikire zitseko za Kamuzu Barrage, madzi ake amakoka. Ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa kale.

Ngati mukufunadi kuphunzira kupalasa, yambirani pamadzi odekha monga ku Cape Maclear, ndi mphunzitsi. Makolo, Likwenu akadzaza, onetsetsani kumene ana akusewera.