Dorothy Kamenshek, Katswiri wa Baseball

Ku dziko la Amereka kuli maseŵera aŵiri ofanana, softball ndi baseball. M'maseŵera onsewa munthu mmodzi aponya mpira, wina naumenya ndi ndodo, nathamanga kuzungulira malo anai oikika pabwalo. Womenyayo akaphonya katatu, aturuka. Mpira wa softball ndi waukulu, ndipo auponya dzanja liri pansi. Wa baseball ndi waung'ono, ndipo ubwera ndi liŵiro loopsa.

Dorothy Kamenshek anabadwa m'caka ca 1925 m'dera la Cincinnati. Pa utsikana wace anali kuseŵera softball ndi anzace a kwao, osalandira malipiro. Nthawi ya Nkhondo Yaciŵiri ya Dziko Lonse, anyamata ambiri odziŵa baseball anapita kunkhondo. Tsono Philip Wrigley, mwini wa timu ya Chicago Cubs, poopa kuti mabwalo adzakhala opanda anthu, anayambitsa bungwe la akazi oseŵera mpira molipidwa m'caka ca 1943. Dorothy, ali ndi zaka 17, anapita ku Chicago kukayesedwa, ndipo anali mmodzi wa akazi 60 amene anasankhidwa. Anamtumiza ku timu ya Rockford Peaches.

Poyamba maseŵera ao anali ngati softball. Koma caka ndi caka akulu a bungwe anali kucepetsa mpira ndi kutalikitsa malo othamangamo, kufikira m'caka ca 1948 pamene analola kuponya dzanja liri m'mwamba, monga acitira amuna. Motero woseŵera aliyense anayenera kuphunziranso nchito yace. Dorothy sanabwerere m'mbuyo. M'zaka za 1946 ndi 1947 anapambana akazi onse pa kumenya mpira. Diso lace linali lakuthwa ndithu: pa nthawi 3,736 zimene anaima kuti amenye, anaturuka cifukwa ca kuphonya nthawi 81 zokha. Timu ina ya amuna ya ku Fort Lauderdale inafuna kumlemba nchito, koma iye anakana, poona kuti anangofuna kukopa naye anthu oonerera.

Pambuyo pace msana unayamba kumvuta, ndipo analeka kuseŵera m'caka ca 1953. Bungwe lija linatha m'caka ca 1954. Koma Dorothy sanakhale manja lende. Anapita kukaphunzira ku Marquette University, natsiriza m'caka ca 1958. Anakhala wothandiza odwala kulimbitsa ziŵalo zao, nagwira nchito zaka zambiri pakati pa ana opunduka ku Los Angeles. Anamwalira m'caka ca 2010.

MAFUNSO

1. Kodi softball isiyana bwanji ndi baseball?
2. Cifukwa ninji Wrigley anayambitsa bungwe la akazi?
3. Cifukwa ninji Dorothy anakana kuloŵa timu ya amuna?
4. Kodi anagwira nchito yanji ataleka kuseŵera?