Gulu la zaluso limakhalitsa ndi kaundula: phunziro lochokera ku Kungoni

M'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka magulu ovina ndi oimba sasowa. Kuli a ngoma, a chimtali, makwaya a m'mipingo ndi achinyamata ochita zisudzo. Chosowa ndi gulu lokhalitsa. Ambiri amayamba ndi moto, naitanidwa ku zochitika ziwiri kapena zitatu, kenaka n'kubalalika tsiku limene ndalama yooneka yalowa m'thumba la munthu mmodzi. Luso limakhala lilipobe, koma anthu aleka kulankhulana.

Chitsanzo cha gulu lokhalitsa chili pafupi pomwepa. Pa mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers adaikhazikitsa mu 1902, pali malo a chikhalidwe ndi zaluso a Kungoni. Adawayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, ndipo poyamba ntchito yaikulu idali yophunzitsa anthu a m'deralo kusema. Pang'ono ndi pang'ono padabwera nyumba ya Chamare yosungiramo za mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, malo ogulitsira ziboliboli, gulu la magule, maphunziro a zachikhalidwe, komanso malo ogona alendo a Namalikhate. Wongodutsa amaona zokongola. Woyendetsa gulu ayenera kuonapo china: nthambi iliyonse ndi khomo lolowera ndalama, ndipo makomowo amathandizana. Mlendo amene wabwera kudzaona nyumba ya Chamare amagona pompo, amadya pompo, amaonerera magule, ndipo pochoka amanyamula chiboliboli.

Chifukwa chofunira makomo ambiri chotere chidafotokozedwa kale ndi akatswiri awiri a zachuma a ku America, William Baumol ndi William Bowen, m'buku lawo la mu 1966. Iwo adafufuza magulu a zisudzo ndi magulu akuluakulu a zoimbira, amene oimba ake amatha kuyandikira 100. Adaona kuti fakitale ikhoza kugula makina n'kuchepetsa antchito, koma nyimbo yolembedwera anthu anayi imafunabe anthu anayi, ndi nthawi yomweyo, ngakhale patapita zaka mazana. Ndalama zoyendetsera gulu zimakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu, pamene ntchito yake singafupikitsidwe. N'chifukwa chake ngakhale magulu otchuka a ku London kapena Berlin sadalira ndalama za pakhomo zokha. Amalandiranso thandizo la boma, la makampani ndi la anthu akufuna kwabwino. Kuno nkhani ndi yomweyo. Chimtali chopanda ang'oma okwanira ndi bwalo la amayi si chimtalinso, ndipo onsewo afunika galimoto, chakudya ndi zovala.

Apa ndi pamene magulu ambiri amapunthwa, chifukwa amawerengera ndalama yolandira n'kuiwala yotuluka. Mwachitsanzo, gulu la anthu 20 litalonjezedwa K200,000 kuti likavine ku Dedza boma, ena amayamba kale kuwerengera K10,000 aliyense. Koma galimoto yokwera phiri la Golomoti ndi kubwerera ikadya K80,000, chakudya K30,000, yotsala ndi K90,000 yokha. Ngati izi sizidakambidwe asananyamuke, msungichuma amasanduka wakuba m'maso mwa anzake ngakhale sadatenge kanthu. Ndipo ngati yotsalayo igawidwa yonse, tsiku limene chikopa cha ng'oma chidzang'ambike gulu lidzayamba kupemphetsa. Akuluakulu adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Kwa woyendetsa gulu mawuwa ndi chenjezo la bajeti.

Mankhwala ake si odula. Gulu lilembe malamulo ake, ngakhale pa masamba awiri a kope, onena za amene ali membala, gawo lopita kuthumba la gulu ndi kagawidwe ka yotsala. Mtsogoleri wa luso, amene amaphunzitsa nyimbo ndi masitepe, asakhalenso wosunga ndalama. Kawirikawiri woyambitsa gulu amafuna kugwira zonse, ndipo amatero ndi mtima wabwino, koma akadwala kapena akasamuka zonse zimaima. Mlembi alembe ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo kaundulayo aziwerengedwa pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Ndalama yotumizidwa pa lamya isapite pa nambala imene mwini wake yekha ndiye amaona. Woitana gulu agwirizane nalo mtengo molemba, ndi kupereka ya galimoto ulendo usanayambe.

Nyengo nayonso ili ndi mawu. Zochitika zambiri ndi alendo zimachuluka m'chilimwe, anthu atakolola; dzinja likafika ovina ali kumunda ndipo maitanidwe amachepa. Gulu lanzeru limasunga m'miyezi ya chilimwe. Chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udaimitsa maulendo ndi misonkhano, chidaonetsa poyera kuopsa kodalira alendo akunja okha. Osema ali ndi vuto lawolawo: mitengo yabwino yosemera ikunka ichepa m'mapiri, ndipo gulu losema limene silibzala mitengo likudya mbewu.

Pali malire amene ndalama siyenera kudumpha. Gule wamkulu adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu onse, koma eni ake akadali mafumu a mizinda ndi akuluakulu a kudambwe. Komiti ya achinyamata singangolonjeza mlendo gule ngati ikugulitsa tomato pa msika wa Golomoti. Nkhani yotere imayambira kwa mfumu. Magule a poyera, makwaya ndi zisudzo alibe chopinga chotere, ndipo opeka nyimbo zawozawo angathe kuzilembetsa ku bungwe la COSOMA, limene limatolera ndalama m'malo mwa eni nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo azisangalalo.

Gulu lofuna thandizo la chitukuko lidziwe kuti pempho limadzera ku komiti ya VDC, kenaka ya ADC, lisanafike ku khonsolo. Kumeneko funso loyamba silikhala la kavinidwe. Amafunsa mayina a atsogoleri, malamulo a gulu ndi kaundula wa ndalama, ndipo khansala wa wodi amakhala ndi poyambira polankhulira gulu limene lafika ndi kope lolembedwa kwa miyezi ingapo.