Pampu ndi Boya M'mimba mwa Thanki: Mayankho a Mmisiri kwa Omvera a M'mbali mwa Nyanja

 Makalata amene mwatilembera sabata ino ndi ochuluka. Koma popeza anayi mwa iwo, ngakhale alembedwa ndi manja osiyana ndiponso m'midzi yotalikirana, akudandaula za zipangizo ziwiri zomwezo zimene zimakhala zobisika m'thanki, ndizo pampu yokankha mafuta ndi kachipangizo koyeza kuchuluka kwake, ndaona kuti n'chanzeru kuwayankha pamodzi usiku uno.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina woyendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Dwangwa ndi pa boma, ndipo alemba motere: "Bambo mmisiri, pampu ya galimoto yanga imangofa. Ndikagula ina, sipapita miyezi yambiri isanayambe kulira mokweza, kenako galimoto imazima pa chitunda. Anzanga pa siteji akuti mapampu a masiku ano ndi achabe, ena akuti pali dzanja la munthu. Mafuta ndimathira a ulendo umodzi, ndikatolera za apaulendo ndithiranso. Kodi chalakwa n'chiyani?"

Bambo wanga, musanakayikire mnansi wanu kapena kutukwana wa sitolo, taonani kuti yankho mwalilemba nokha kumapeto kwa kalata yanu. Pampu ya galimoto za petulo za makono siikhala pa injini monga inkakhalira pa galimoto za kabuleta zimene atate athu anayendetsa. Ndi kamota ka magetsi komizidwa m'mafuta momwemo, ndipo amene anakapanga sanakapatse mphepo yokaziziritsa kapena girisi wokafewetsa, pakuti anakonza kuti petulo yemweyo, podutsa m'kati mwake, achotse kutentha ndi kufewetsa zitsulo zozungulira. Ntchito yake si yaing'ono, chifukwa kamakankha mafuta ndi mphamvu ya ma bar 3 kapena 4, yoposa ya mpweya umene mumapopera m'matayala a galimoto yomweyo, ndipo sikapuma kuyambira pamene mwaliza injini kufikira pamene mwaizimitsa. Tsono mukayenda ndi timafuta tongonyowetsa pansi pa thanki, ndipo galimoto ikapendekeka pa khona, kapena ikadumpha m'maenje a msewu wa M5, kapena ikakwera zitunda za msewu wa ku Kasungu umene umadutsa m'nkhalango ya nyama, mafutawo amathawira mbali imodzi, pampu n'kumeza mpweya, n'kutentha, n'kuperepeseka pang'onopang'ono. Zoonadi, galimoto zambiri zili ndi kachikho kozinga pampu kosungira mafuta a nthawi yotere. Koma kachikho kameneko kanapangidwira mphindi ya pa khona, osati moyo wa tsiku ndi tsiku.

Pali china chimene simunalembe, koma ndichifunse ndine: mafutawo mumawagula kuti? Tonse tikukumbukira mizere ya galimoto ya mu 2011 ndi 2012, imene inabweranso kuyambira 2022, pamene munthu wanjala ya mafuta sankafunsa kuti chigubu chimene akumuthirira chinasungapo chiyani dzana. Bungwe la MERA lakhala likuletsa malonda a m'zigubu opanda chilolezo, ndipo ine ndisiya za lamulo kwa eni ake. Changa n'chakuti m'zigubu zimenezo mumakhala mchenga, madzi, ndi nsenga za mafuta ena, ndipo zonsezi zimakakhazikika pansi penipeni pa thanki, pamene pali kasefa ka pampu. Kasefako kakatsekeka, pampu imakoka mwankhawa, ndiko kulira kuja mukukumva. Dziwaninso kuti petulo wa dziko lino amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa kwanu ku Dwangwa komweko mu 1982 kuchokera ku zotsalira za nzimbe; ndi mafuta abwino, oyaka bwino, koma chibadwa chake n'chokoka chinyezi, ndipo kuno kunyanja chinyezi sichisowa. Thanki yokhala pafupifupi youma imadzaza mpweya wonyowa masana, usiku mame n'kuchita m'makoma ake, ndipo madziwo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukagona pansi. Ngati thankiyo ndi yachitsulo, dzimbiri nalo limayamba pomwepo.

Ndikudziwa kuti ndalama ya dalaivala imabwera m'manja mwa apaulendo, siibwera pamodzi, ndipo sindinena izi monyoza. Koma talingalirani: galimoto imamwa mafuta omwewo pa ulendo wa ku Dwangwa, thanki ikhale youma kapena ikhale ndi kota. Kota imeneyo mudzaigula kamodzi kokha, n'kumathira a ulendo pamwamba pake monga muchitira lero, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa mapampu amene mwakwirira kale. Pomanga pampu yotsatira, thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa, kasefa kakhale katsopano, ndipo makaniko ayeze ngati magetsi akufika okwanira ndi ngati waya wa ethi sunachite dzimbiri, pakuti pampu yoperewera magetsi nayonso siikalamba.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina, mphunzitsi wa ku Benga. "Tsiku lina ndinaona makaniko akutulutsa chinthu cha mawaya m'thanki ya galimoto ya mchimwene wanga, chikudontha petulo. Kuyambira pamenepo ndimakwera galimoto mtima uli m'mwamba. Zitheka bwanji magetsi kukhala m'petulo osabuka moto?"

Mayi, funso lanu ndi la munthu woganiza, ndipo safunsa anadya phula. Chimene chimayaka si petulo wamadziyo, koma nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya pa muyeso woyenera, ndiwo pafupifupi magawo 1.4 kufikira 7.6 pa magawo 100 alionse a mpweya. Nthunzi ikachepa kuposa apo, moto sugwira. Ikachuluka kuposa apo, sugwiranso, chifukwa mpweya woudyetsa waperewera. M'thanki yotseka bwino, yokhala ndi mafuta ake, nthunzi imachuluka koposa muyeso umenewo, kotero kuti ngakhale kamota kaja kamathetheka timbaliwali m'kati mwake, palibe chogwira moto. Khalani pa mpando wanu mtima uli m'malo.

Koma indetu ndinena kwa inu nonse, makamaka owotcherera zitsulo m'misika yathu: thanki yoopsa ndi imene mwaikhuthula. Imeneyo, imene maso amati ilibe kanthu, ndiyo yalowa mpweya wokwanira kusakanikirana ndi nthunzi yotsalira m'ngodya ndi m'misoko, ndipo mbaliwali imodzi ya chowotcherera kapena ya gilayinda imaing'amba pamodzi ndi woigwirayo. Kuitsuka ndi madzi kamodzi sikuchotsa nthunzi imeneyo. Thanki ikabooka, kugula ina n'kotsika mtengo kuposa bokosi la maliro.

Yachitatu yalembedwa ndi mnyamata amene akuphunzira umakaniko pa galaja ina ku Linga. "Abwana anga atachoka, ndinasintha pampu ndi choyezera chake, zimene mwini galimoto anagula zochokera m'galimoto ina. Galimoto ikulira bwino, koma geji ikuonetsa kuti mafuta adzaza pamene thanki ili pafupi kuuma, ndipo m'galimoto mukununkha petulo. Ndalakwitsa pati?"

Mphwanga, wachita bwino kulemba usanabweze galimotoyo kwa mwini wake. Tiyambe ndi geji. Mwana wa kunyanja ngati iwe amadziwa boya la pa ukonde, kuti limakwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi. Choyezera mafuta nacho chili ndi boya lake lomangidwa ku mkono wa waya, ndipo tsinde la mkonowo limakwekwesa pa kambale kakang'ono kamene kamachepetsa kapena kuchulukitsa magetsi opita ku geji. Geji siona mafuta. Imangowerenga kukana kwa kambaleko, kumene timayeza mu ma ohm, ndipo opanga galimoto sanapangane muyeso umodzi. Toyota zambiri zakale zimawerenga pafupifupi 3 thanki ikadzaza ndi 110 ikauma, pamene muyeso wina wofala ku Ulaya ndi 10 ikauma ndi 180 ikadzaza. Ndiye kuti chimene galimoto ina imati kukhuta, inzake imati njala. Choyezera chimene wamangacho chikhoza kukhala chamoyo ndithu, koma si cha geji imeneyo. Chitulutse, upite nacho kutali ndi thanki, uike mita pa mawaya ake, ndipo ukweze boya pang'onopang'ono ndi dzanja: manambala ayende mosadumpha kuchokera kumapeto ena kufikira ena, ndipo afanane ndi a chakale chija. Ngati afanana, ndiye kuti mkono unapindika polowetsa, kapena wakodwa pa timakoma ta m'thanki timene timaletsa mafuta kukhavuka. N'chifukwa chake pa chivundikiro cha choyezera pamakhala kamuvi kosonyeza kumene chiyenera kupenya. Nthawi zambiri choyezera chakale chimakhala chabwinobwino, ndipo chofunika kusintha ndi kamota kokha.

Fungo limene ukulimva ndilo likundidetsa nkhawa koposa, ndipo galimotoyo isayende lisanathe. Pakamwa pa thanki pamakhala mphira wozungulira, amene akatulutsidwa amatupa kapena kuuma, ndipo sabwerera pamalo pake monga kale. Aikidwe watsopano, mphete yomangira ikhwimitsidwe mofanana mbali zonse. Usayese kumata ndi silikoni, pakuti petulo amamufewetsa, zidutswa zake n'kugwera m'thanki kukatseka kasefa kaja.

Ndipo popeza ukuphunzira, landira dongosolo lonse la ntchitoyi, ulisunge. Igwirire panja, pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula, ndudu ndi owotcherera. Chotsa fyuzi ya pampu, ulize injini mpaka izime yokha, kuti mphamvu ya m'mapaipi ithe, mafuta asakuthovukire m'maso. Kenako masula waya wa negetivu pa batire. M'galimoto zing'onozing'ono zambiri khomo la thanki lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo usanalitsegule upukute fumbi lonse, chifukwa mchenga wa kuno susowa polowera. Mphete ikakana, igogode ndi mtengo kapena mkuwa, osati chitsulo pa chitsulo. Kapaipi ka m'kati kakhale kopangidwira kumizidwa, pakuti paipi wamba ya mafuta imapirira petulo m'kati mwake mokha, kunja kwake imatupa ndi kusungunuka. Mawaya alowe m'pulagi yake, opanda tepi kapena mfundo zopota, ndipo osasemphanitsa, kuti kamota kasazungulire chobwerera. Kasefa kagone pansi kosapindika. Ukatseka, tembenuza kiyi kangapo usanalize injini, umve pampu ikulira masekondi awiri kapena atatu n'kuleka, ndipo uyang'ane ndi kununkhiza pozungulira ponse mpando usanabwerere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo abwana ako akabwera, uwauze zonse monga wandiuzira ine.

Yotsiriza ndi ya msodzi wa ku Chia, mwini boti la injini ya Yamaha. "Injini imandizimira pakati pa nyanja ngati mafuta sakufika. Mnzanga akuti timize pampu ya galimoto m'thanki, tiilumikize ku batire la nyali. Kodi tichite?"

Iyayi, bambo, musatero. Injini yanu ili nayo kale pampu yake yaing'ono ya chikopa cha mphira, imene imayendetsedwa ndi kupuma kwa injiniyo, ndipo kabuleta yake imafuna mafuta obwera mofatsa. Pampu ya galimoto idzakankha ndi mphamvu yoposa kakhumi, kabuleta n'kusefukira, petulo n'kuyenderera pansi pa boti pamene pali batire, mawaya ndi anthu, ndipo pa nyanja palibe kothawira moto. Yambani ndi zazing'ono. Pa chivundikiro cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya, ndipo kakaiwalika kotseka, injini imayenda pang'ono n'kuzima ndithu monga mwafotokozera. Kampira kofinya ka pa paipi ya mafuta kali ndi kamuvi koyenera kuloza ku injini, ndipo kakhale kolimba mukakafinya. Paipi yoswekasweka ndi dzuwa imayamwa mpweya ngakhale siidontha. Ndipo thanki imene yavumbwa mafunde a mwera ikhuthulidwe mu botolo loonekera, muone ngati madzi sagona pansi. Zonsezi zikakhala bwino, makaniko atsegule pampu yaing'ono ija aone chikopa chake, chimene chimasinthidwa chokha pa mtengo wochepa.

Nthawi yathu yatha, omvera. Bambo a ku Mwansambo amene mwafunsa za lole ya dizilo yosowa pampu m'thanki, musavutike kuifunafuna, pakuti dizilo zambiri zakale zimakoka mafuta ndi pampu ya pa injini. Kalata yanu tidzayamba nayo sabata yamawa.