Fulashi Yochotsa pa Kamera: Chida Chojambulira Tizilombo Pafupi

Alangizi ndi alimi otsogola, mbozi ikapezeka m'munda timayamba tafunsa kuti ndi mtundu wanji. Kapuchi komanso fall armyworm, mbozi yomwe idalowa mu Africa mu 2016, zonse zimawononga chimanga, ndipo diso losazolowera limazisokoneza. Fall armyworm ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi timadontho 4 takuda tokhala mwa ngodya zinayi chakumchira. Chithunzi chikapanda kuonetsa zimenezi, katswiri amene mwamutumizira pa WhatsApp adzangoganizira, mlimi n'kugula mankhwala olakwika. Apa m'pamene fulashi yochotsa pa kamera imathandiza.

Chidachi n'chotani?

Ndi fulashi wamba ya mabatire a AA, koma yosakhala pamwamba pa kamera. Imalumikizidwa ndi chingwe, kapena ndi kachida kopanda waya kotchedwa thiriga. Godox, Canon ndi Nikon onse amapanga.

Bwanji osaisiya pa kamera pomwepo?

Mukayandikira kachilombo ndi lenzi ya macro (yojambulira pafupi), lenziyo imatchinga kuwala, mthunzi n'kugwera penipeni pomwe mukufuna kuona. Kuwala kochokera kutsogolo kumafafanizanso timizere ndi tiubweya. Koma kukachokera cham'mbali, kotsika pang'ono kuchokera kumwamba, kampindi kalikonse pathupi pa mbozi kamakhala ndi kamthunzi kake, ndipo Y uja amaoneka bwino lomwe.

Ubwino wina ndi liwiro. Pa mphamvu yochepa fulashi imaphethira mosakwana 1/5000 ya sekondi, choncho ngakhale manja anjenjemere kapena mphepo igwedeze tsamba, chithunzi chimatuluka chakuthwa.

Poyambira

Ikani kamera pa M (manual). Shata ikhale pa 1/200, chifukwa makamera ambiri mukapitirira 1/250 amadula chithunzi ndi mzere wakuda. Khomo la lenzi likhale pa f/11 kapena f/16 kuti mutu ndi msana zioneke pamodzi, ISO pa 100 kapena 200, mphamvu ya fulashi pa 1/16. Jambulani, onani, kenaka sinthani fulashi yokha. Mukaitalikitsa kawiri, kuwala kotsala ndi gawo limodzi mwa magawo 4.

Musajambule ndi fulashi yosaphimba

Apa ndi pomwe ambiri amataya chithunzi. Tizilombo ta khungu lolimba ndi losalala timanyezimira, ndipo kuwala kwaukali kumasiya banga loyera mbee lobisa zizindikiro. Phimbani fulashi ndi chofewetsera kuwala. Simusowa kugula: dulani chigubu choyera cha pulasitiki, kapena pindani pepala loyera, muliike pakati pa fulashi ndi kachilombo. Likhale lalikulu ngati chikhatho ndipo liyandikire kachilomboko kwambiri, pakuti likayandikira m'pamene mithunzi imafewa. Mbali ina ikada kwambiri, mnzanu agwirizeko pepala lina loyera kuti libweze kuwala.

M'munda

Lawirani mame asanakamuke, tizilombo tikadali tofooka ndi kuzizira. Fall armyworm imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga, pomwe pali ndowe zake zonga utuchi. Itulutseni mosamala, muiike patsamba, pambali pake mugoneke kamtengo ka machesi kuti kukula kwake kudziwike. Jambulani mutu, msana ndi mchira padera, ndiponso tsamba lodyedwalo. Njuchi ndi mavu musaziyandikire pachisa.

Mukaweruka, pukutani mame pa fulashi, chotsani mabatire kuti asadonthere mkati, ndipo muisunge pouma, makamaka m'nyengo ya dzinja.