Musanagulitse vinyo wofiira, yambani mwamulawa

Sabata ino tikambe ndi inu eni mabala, magolosale ndi malo odyera a m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira pa Chintheche mpaka ku Kande. Alendo obwera kudzasambira m'nyanja ndiponso a maofesi obwera ku misonkhano amafunsa vinyo wofiira. Botolo limodzi limadya mpamba wokwana kuodera mowa wambiri, komabe ambiri mwa ife timaligulitsa tisakudziwa kuti m'katimo muli bwanji.

Ndinaonapo pa golosale ina mabotolo atatu atawaika pa windo kuti odutsa aziwaona. Anakhala pamenepo mwezi wonse wa Okutobala, dzuwa likuwomba. Mlendo anagula limodzi, n'kulawa, n'kulibweza. Mwini wake anati mlendoyo ndi wamatama. Sanali wamatama ayi, vinyoyo anali ataphikika.

Vinyo wofiira wa mphesa amene timagulitsa kuno, wambiri amachokera ku South Africa. Pa chizindikiro mukawerenga Cabernet Sauvignon, Shiraz kapena Pinotage, amenewo ndi mayina a mitundu ya mphesa, monga timanenera kilombero kapena faya pa mpunga. Mitundu itatuyi ndiyo imatulutsa vinyo wolemera. Pinotage ndi wa komweko: anamupanga Abraham Perold ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa. Chaka cholembedwa pa botolo ndi chaka chimene mphesazo zinakololedwa, si tsiku lotha ntchito. Mukaona mawu akuti Estate Wine, ndiye kuti mphesazo zinalimidwa ndi kufululidwa pa munda umodzi. Minda ing'onoing'ono imatulutsa mabotolo ochepa, n'chifukwa chake mtengo umakwera, ndipo kakomedwe ka chaka chino kamatha kusiyana ndi ka chaka chatha, malinga ndi mvula ndi dzuwa.

Nanga kulemera n'chiyani? Imwani madzi, kenaka mkaka. Mkaka umadzaza m'kamwa. Vinyo wolemera amateronso, ndipo pa botolo mphamvu yake imakhala cha pa 13.5 mpaka 15 peresenti.

Polawa, thirani pang'ono m'galasi loyera bwino losanunkha sopo. Lipendeketseni pamwamba pa pepala loyera. Vinyo wa zaka zochepa amaoneka wofiira moderako, m'mphepete mwake mukuoneka ngati pepo. Ngati botolo ndi la zaka ziwiri zokha koma vinyo wayamba kuoneka ngati tiyi, kayikirani. Zunguzani galasi, kenaka nunkhizani. Muyenera kumva zipatso zakupsa, nthawi zina kautsi kapena katsabola. Mukamva viniga, kapena fungo la katoni yonyowa yokhalitsa m'nyumba yodontha, musamupatse kasitomala.

Tsopano pakamwa. Gwirani kam'kamwa kamodzi, kayendetseni lilime lonse musanameze. Mumva nkhama zikuuma, lilime likukhakhala. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, nati vinyo waonongeka. Limeneli ndi khambi, lomwe lija mumalimva mukaluma nthochi yosapsa, mukadya jambula, kapena mukamwa tiyi wothyathyalika wopanda mkaka. Limachokera ku makungu ndi njere za mphesa, pakuti vinyo wofiira amawira pamodzi ndi makungu ake, ndipo mtundu wofiirawo umachokeranso momwemo. Khambi si chilema. Chilema ndi kuwawasa kolasa ngati viniga, kapena kukoma ngati jamu wopserera. Mukameza, werengani chamumtima. Vinyo wabwino amatsalira m'kamwa kwa kanthawi; wotchipa amazimiririka musanafike pa 5. Ngati simumwa, lavulani, pakuti akatswiri olawa nawonso amalavula. Ngati chipembedzo sichikulolani n'komwe, maso ndi mphuno zikuuzani zambiri.

Khambi lomweli ndi limene likuuzeni chakudya chomugulitsira. Mafuta a nyama amalifewetsa, choncho vinyo wolemera amayenda bwino ndi kanyenya wa mbuzi kapena ng'ombe yootcha. Ndi nsomba ndiye ayi. Chambo, batala kapena usipa ukakumana ndi vinyo wotere, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo. Kasitomala akaitanitsa chambo, muuzeni mwaulemu kuti woyera ndi amene angamukomere. Ine ndimaona kuti kunena zoona chotere kumabweza kasitomala mawa kuposa kumukakamiza botolo lodula.

Mdani wamkulu kuno kunyanja ndi kutentha. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, pomwe m'mashopu mwathu a malata m'chilimwe mumapitirira 30. Sungani mabotolo pansi, pamdima, kutali ndi khitchini ndi jenereta. Okhala ndi chitsekero cha khungwa agonekeni kuti chisaume. A chivindikiro chopotokola akhoza kuima. Pooda, yang'anani pakhosi pa botolo: chitsekero chikatukuka kapena pakaoneka podontha pomata, botololo linatenthedwa pa ulendo, lisiyeni. Musanapereke kwa kasitomala, liikeni mufiliji mphindi 20 kapena 30. Magetsi akazima, ndowa ya madzi ozizira imathandiza.

Tiwerengere ndalama. Botolo la 750ml limatulutsa magalasi 5 a 150ml. Tiyerekeze kuti mwaoda pa K20,000: galasi lililonse lakudyerani K4,000. Koma botolo likatsekulidwa limangokhala masiku atatu kapena asanu, ndipo ndi lotsekanso n'kuikidwa mufiliji. Mukagulitsa magalasi awiri okha, otsalawo n'kusasa, mwaluza. Choncho ikani mtengo woti magalasi atatu oyamba abweze mpamba wonse, ndipo wa m'munda waung'ono muzigulitsa botolo lathunthu basi. Wogulitsa pa galasi akhale wa m'katoni uja wa kampopi, amene mpweya sulowa ndipo amakhala masabata angapo.

Musaiwale wathu wa kuno. Linga Wine wa banja la a Ngwira ku Lilongwe amapangidwa ndi zipatso monga jambula, gwafa ndi mapulamu. Si wa mphesa, ndipo muzinena choncho, koma alendo ambiri amafuna kulawa cha ku Malawi. Odani mabotolo awiri poyamba, limodzi mutsekule ndi antchito anu tsiku lopanda makasitomala, aliyense anene chimene wamva. Laisensi ya mowa yochokera ku khonsolo ya Nkhata Bay ikhale pakhoma musanayambe zonsezi.