PHUNZIRO 17: SAMMY BAUGH, MUNTHU WA NCHITO ZITATU

Ku dziko la Amereka kuli masewera a mpira osiyana ndi amene inu musewera pa bwalo la sukulu. Mpira wao suli woburungira ai, koma uli wonga dzira, wosongoka uku ndi uku. Osewera ali 11 mbali iri yonse, ndipo aloledwa kuugwira ndi manja, kuthamanga nao, ndi kugwetsa pansi munthu amene waunyamula. Gulu limene lifikitsa mpira kupitirira mzere wa ku mapeto a bwalo lipata mapointi 6.

M'gulu liri lonse muli mmodzi wochedwa quarterback. Iye ndiye alandira mpira poyamba, nasankha cocita, kapena kuupatsa mnzace wothamanga, kapena kuuponyera wina patsogolo, pamwamba pa mitu ya adani. Mmodzi wa akatswiri a nchito imeneyi anali Sammy Baugh.

Baugh anabadwa pa 17 March 1914 pafupi ndi mudzi wa Temple, m'cigawo ca Texas. Ali ndi zaka 16 banja lao linasamukira ku Sweetwater. Mnyamatayo anali kupacika tayala lakale la galimoto, nalikankha kuti lizipita uku ndi uku, ndipo anali kuyesa kulowetsa mpira pa ciboo cace. Anatero maora ambiri, kawiri kawiri alikuthamanga, kufikira dzanja lace linazolowera kusaphonya.

Atatha maphunziro pa Texas Christian University, analowa gulu la Washington Redskins, limene lero lichedwa Commanders. Cinali caka ca 1937. Masiku amenewo magulu ambiri anaopa kuponya mpira, nauponya pokha pokha zinthu zitabvuta, koma Baugh anauponya nthawi iri yonse imene anaona mpata. Caka comweco gulu lace linakhala loyamba m'dziko lonse, litagonjetsa Chicago Bears ndi mapointi 28 kwa 21. Koma mu 1940 a Bears omwewo anawacititsa manyazi oopsa, nawagonjetsa 73 kwa 0. Patapita zaka ziwiri Baugh ndi anzace anabwezera, napambana 14 kwa 6.

Cimene amkumbukira naco kopambana cinacitika mu 1943. Pamene gulu lace linali ndi mpira, iye anali woponya. Likalephera kupita patsogolo, ndiyenso anali kuumenya ndi phazi kuti ukagwe kutali, adani akayambire kumbuyo. Tsono mpira ukakhala m'manja mwa adani, Baugh sanacoke m'bwalo, koma anaima kumbuyo kudikira kuti alande m'mwamba mipira imene iwo anaponyerana. Caka cimeneco anaposa osewera onse pa nchito zitatu zonsezi, ndipo mipira imene analanda inali 11. Tsiku lina, posewera ndi Detroit Lions, anaponya mipira inai imene inabala mapointi, nalandanso inai ya adani.

Ici ncodabwitsa ndithu, pakuti lero nchito zimenezi zicitidwa ndi anthu atatu, ndipo quarterback apumula pa benci pamene adani ali ndi mpira. Ngakhale phazi lace lokha likadakwanira kumchukitsa. Mu 1940, atawerenga pamodzi mipira yonse imene anamenya ndi kugawa, anapeza kuti umodzi unayenda mayadi oposa 51, ndiko kupitirira theka la bwalo. Panalibe womposa pa zimenezi kufikira 2022.

Baugh analeka kusewera mu 1952, atatumikira gulu limodzi zaka 16. Anakakhala pa munda wace waukuru pafupi ndi Rotan, ku Texas komweko, naweta ng'ombe. Anamwalira pa 17 December 2008, ali ndi zaka 94.

MAFUNSO

1. Kodi mpira wa ku Amereka usiyana bwanji ndi wa kuno?
2. Cifukwa ninji Baugh anali kukankha tayala asanaponye mpira?
3. Chulani nchito zitatu zimene anacita mu 1943.