Phunziro: Zimene mkodzo uulula za mankhwala osokoneza bongo

Munthu angathe kubisa zimene amamwa, koma mkodzo wake sunama. Ku America, anthu amene athandizidwa kuti aleke mankhwala osokoneza bongo amapimidwa mkodzo kawirikawiri. Tiyeni tione zimene madokotala apeza.

1. Magulu awiri a mankhwala
Gulu loyamba ndi la opioid: morphine, codeine, heroin ndi fentanyl. Awa amapha ululu ndi kugonetsa, koma akaculuka munthu amaleka kupuma. Gulu laciwiri ndi la ogalamutsa thupi, monga cocaine ndi methamphetamine. Awa amathamangitsa mtima ndi kucotsa tulo.

2. M'mene vuto linakulira
M'zaka za m'ma 1990 madokotala a kumeneko anayamba kulembera odwala mapiritsi a ululu mowirikiza, monga OxyContin amene anatuluka mu 1996. Ambiri anazolowera. Kuyambira mu 2010 imfa za heroin zinakwera, ndipo mu 2013 zinayamba kukwera za fentanyl, amene mphamvu yake iposa ya heroin nthawi 50. Mamiligiramu 2 cabe angathe kupha munthu. Mu 2022 anthu oposa 107,000 anafa ndi mankhwala osokoneza bongo m'dzikolo. Mu 2024 ciwerengeroci cinatsika kufika pafupifupi 80,000.

3. Zimene kupima kwaonetsa
Mwa iwo amene mkodzo wao wapezeka ndi fentanyl, ambiri apezekanso ndi mankhwala ena, makamaka methamphetamine ndi cocaine. Kupima mitembo kwacitira umboni zomwezi. Mu 2010 imfa za fentanyl pamodzi ndi ogalamutsa thupi sizinafike imodzi mwa imfa 100 zilizonse za mankhwalawa, koma mu 2021 zinali 32 mwa 100. Coopsa ncakuti naloxone, mankhwala amene amatsitsimutsa munthu wokomoka ndi opioid, alibe mphamvu pa cocaine kapena methamphetamine. Ndiponso ena amamwa fentanyl osadziwa, cifukwa ogulitsa amamsakaniza m'mankhwala ena.

4. Nanga ife?
Vutoli linakula ndi mankhwala a kucipatala. Kuno kwathu acinyamata ena amamwa mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere. Cotero, amai, werengani zolembedwa pabotolo, sungani mankhwala pamalo okiya, ndipo musagawire mnzanu mapiritsi amene adokotala analembera inu. Mwana akayamba kusinza masana kapena kucezera usiku wonse osagona, mufunseni mofatsa ndi kupita naye kucipatala msanga. Manyazi sanaciritsepo munthu.

Mafunso okambirana
1. Kodi m'nyumba mwanu muli mankhwala ati otsala, ndipo ndani angawafikire?
2. Tingathandize bwanji mnzathu amene mwana wake wagwa m'vutoli popanda kumunena?